Muphwa wanga amasewera mphindi 29 koma mapointi ndi 5 okha: ndiwauze chiyani makolo ake?

Malume wa ku Area 25:

Anzanga okonda basketball, ndithandizeni nzeru, chifukwa nkhaniyi yatsala pang'ono kuyambanitsa anthu pabanja pathu.

Achemwali anga amakhala ku South Bend, ku Indiana, kwa zaka zambiri ndithu. Mwana wawo wachisamba ali chaka chachiwiri pa koleji ina yaing'ono ya Division II, gulu lachiwiri la masewera a m'makoleji a ku America, ndipo amasewera m'timu ya sukuluyo. Sinditchula dzina lake kapena la sukulu, mnyamatayo ndi wamanyazi, angandikwiyire. Gawo lina la fizi amamulipirira chifukwa cha mpirawo, ndiye mukumvetsa kuti kwa ife si nkhani yocheza.

Gemu ikatha, sukulu imaika box score, ndandanda ya manambala a wosewera aliyense, pa intaneti, achemwali n'kuijambula n'kuponya pa gulu la WhatsApp la banja. Ya Loweruka lapitali inali motere: mphindi 31, mapointi 4, maribaundi 5 (kutola mpira wina akaphonya), assist imodzi (pasi yobereka basiketi), mafaulo 3. Chiyambire sizoni amasewera mphindi za m'ma 29 pa 40, koma mapointi amangozungulira pa 5. Pali mnzake wina wochokera pa benchi amene amasewera theka la nthawi imeneyo koma amamwetsa 11 kapena 12. Alamu anga akuti mwanayo ndi wamantha, amathawa mpira, ndipo akufuna amuimbire kochi foni. Achemwali tulo sakupeza, akuopa kuti chaka chamawa thandizo la fizi lija alandidwa, popeza amaliunika chaka ndi chaka. Agogo ake ku Dedza funso lawo ndi limodzi lomwelo: "Wamwetsa zingati?" Ukawauza kuti zinayi amangoti "Ooh," n'kuyamba nkhani ya mvula.

Tsono poti ndine malume, komanso ndinasewerako pang'ono ku sekondale kalekale pa bwalo la simenti long'ambika, onse akuyang'ana ine kuti ndigamule. Ndaonera magemu ake atatu pa foni, cha m'ma 2 koloko usiku, bando ikutha ngati madzi, chithunzi chikuimaima. Chimene ndinaona n'chakuti gemu ikafika pothina satuluka m'bwalo, ndipo kochi akamakalipa sakalipira iyeyo. Koma sindingapite kwa alamu ndi mawu oti "ndikuona ngati". Inu amene mumautsata mpira wa m'makoleji a ku America, wosewera mumamuyeza bwanji kupatula manambala a pa pepala lija? Ndiyang'ane chiyani kwenikweni? Ndipo musandinyengerere, ngati mwanayo zamuvuta mundiuze.

Kochi Wopuma, Zomba:

Malume, yankho loyamba lili pa pepala lomwelo, kungoti anthu amalumpha mzere wake. Nambala yoyamba kuiona ndi ya mphindi. Kochi wa ku koleji amadya za kuwina, akaluza masizoni awiri atatu amamuonetsa msana wa njira. Munthu wotero sangasunge mwana m'bwalo mphindi 31 chifukwa cha chifundo. Iye amaonera vidiyo ya gemu iliyonse mobwerezabwereza, amamuona mwanayo pa pulakatisi tsiku ndi tsiku, zinthu zimene ife tonse sitiziona. Akamamusiya m'bwalo mphindi zinayi zomaliza, matimu akusiyana ndi mapointi awiri, ndiye kuti wakuuzani kale mtengo wake.

Box score imalemba dzina la munthu amene wakhudza mpira pomalizira, basi. Pali vidiyo imene ndinkaonetsa ana anga chaka chilichonse ndisanapume. Fainolo ya chikho cha makoleji ya 2016 ku Houston, Villanova ndi North Carolina. Marcus Paige wa North Carolina waponya ya mapointi atatu ali m'malere, miyendo ili balala, yalowa, 74–74, kwatsala masekondi 4.7. Aliyense amakumbukira Kris Jenkins wa Villanova akumwetsa nthawi ikutha, 77–74. Pa pepala analemba Jenkins mapointi 3, mnzake Ryan Arcidiacono assist. Koma kaipezeni vidiyoyo muyang'ane Daniel Ochefu, wamtali wawo uja amene pambuyo pake anasewerera timu ya dziko la Nigeria. Mpira usanayambenso, anaona kuti pansi panyowa ndi thukuta pamene iye mwini anagwera. Analanda mopu kwa kamnyamata kokolopa n'kuyamba kukolopa yekha, mosathamanga, sitediyamu yonse ikumudikira. Ankadziwa kuti chapompo ndi pamene akaime kuti atsekereze womaka Arcidiacono, ndipo sankafuna kuti mnzakeyo aterereke potembenuka. Mpira utayamba anaimadi pamenepo, womaka uja anachedwa sitepe imodzi, maso a anyamata a Carolina onse anapita kwa mwini mpira, Jenkins akubwera pambuyo yekhayekha ngati wotsalira pa ulendo. Mopu ija ndi sikirini ija, kutsekereza kuja, palibe pamene zinalembedwa. N'chifukwa chake malemu Dean Smith, kochi wakale wa North Carolina yomweyo, ankalamula kuti womwetsa aziloza chala amene wamupatsira mpira, kuti anthu adziwe kumene basiketi yachokera.

Ndiye chitani izi. Gulani kope la ana asukulu, gemu yotsatira muionere ndi cholembera m'manja, ndipo musayang'ane mpira. N'kovuta, maso amathamangira mpira ngati nkhuku pa madeya, koma kakamizani, muyang'ane muphwa wanuyo yekha.

Choyamba muone kuti akumaka ndani. Ngati kochi amamupatsa wosewera woopsa kwambiri wa timu inayo, ntchito ya mwana wanuyo mukaiwerenge pa box score ya munthu ameneyo, osati pa yake. Munthu wozolowera kumwetsa 19 akatuluka ndi 9, mapointi 10 amenewo alipo amene wawadya. Kenako muziika kamzere nthawi iliyonse wakhudza mpira pa difensi, ngakhale sanaulande. Kochi Rick Pitino amadziwika ndi kuwerenga zimenezi, ndipo ankafuna kuti timu yake izifika 35 pa gemu. Mpira wokhudzidwa ndi chala umasokoneza dongosolo lonse, ndipo poti ku koleji timu ili ndi masekondi 30 okha oti iponye, masekondi asanu otayika ndi ambiri.

Mpira ukaponyedwa, muone ngati amayamba wapeza munthu wake n'kumutsekereza ndi msana asanadumphe. Ana ambiri amangothamangira pansi pa ring'i kuti ribaundi ilembedwe m'dzina lawo. Wotsekereza bwino nthawi zambiri ribaundiyo imagwera mnzake, iye n'kutuluka chimanjamanja pa pepala. Chimodzimodzi kuima nji kuti wothamanga ndi mpira akugunde pachifuwa, lifale n'kuimba faulo ya iyeyo. Shane Battier anachita zimenezi ka 111 pa zaka zinayi ku Duke. Chilichonse mwa izo chinalembedwa ngati faulo ndi mpira wotaya wa winayo, kwa Battier kunangotsala msana wopweteka.

Pa kuukira, werengani masikirini amene atsegulira mnzake mpata woponya, ndi pasi imene yabereka assist, ija yachiwiri kuchokera kumapeto. Chomaliza, tsitsani voliyumu muone manja ake. Wosewera amene amaloza, kukankhira mnzake pamalo pake, kuitana pamene sikirini ikubwera, ameneyo ndi kochi wachiwiri m'bwalo. Mukabwere ndi kopelo tidzaone limodzi.

Wa Manambala, Leeds:

A Kochi anena zoona, koma ine ndiikire kumbuyo manambala pang'ono, poti ndi amene amandidyetsa. Vuto si manambala, vuto ndi kuwerenga mzere umodzi wokha. Fainolo ya 2012, Kentucky 67, Kansas 59. Anthony Davis wa Kentucky anaponya ka 10 n'kumwetsa kamodzi kokha, mapointi 6. Agogo a ku Dedza akanati "Ooh." Koma pa pepala lomwelo panali maribaundi 16, mabuloko 6, ma-assist 5 ndi mipira 3 yolanda, ndipo ndi iye amene anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse wa Final Four, magemu a matimu anayi omaliza. Pamenepo sipanafunike kope, panangofunika kuwerenga mpaka kumapeto kwa mzere.

Chinthu chimene ndikufuna mugwire, malume, ndi poseshoni, kutanthauza ulendo umodzi umene timu ili ndi mpira mpaka itaponya kapena kuutaya. Pa gemu, matimu awiri amakhala ndi maposeshoni pafupifupi ofanana, chifukwa mpira umasinthana manja. Wowina ndi amene wapindula kwambiri pa ulendo uliwonse. Mutha kuwerenga nokha kuchokera pa box score: mipira yonse imene timu yaponya, chotsani maribaundi a ku ring'i ya adani, onjezani mipira yotaya, onjezaninso ma-free throw (mipira yoponya opanda womaka munthu akachitiridwa faulo) mutachulukitsa ndi 0.475. Umu ndi mmene Ken Pomeroy amawerengera pa tsamba lake lija la KenPom. Matimu ena amathamanga, amapitirira maposeshoni 70 pa gemu. Virginia ya kochi Tony Bennett inkayenda ngati ngolo, pafupifupi 60. Mapointi 10 a mwana wa ku Virginia ndi olemera kuposa 10 a mwana wa timu yothamanga. Ndiye funso loyamba: timu ya muphwa wanuyo imathamanga kapena imayenda?

Tsopano tiyeni kwa mnzake wa pa benchi uja, wa mapointi 12. Amawapeza ataponya kangati? Timu wamba ya ku koleji imapeza pointi imodzi kapena kupitirira pang'ono pa poseshoni iliyonse. Tiyerekeze kuti mnyamatayo amaponya ka 13 n'kutaya mpira katatu. Wadya maposeshoni 16 n'kubweza mapointi 12. Ameneyo ali ngati wa geni amene wapikula katundu wa K16,000 n'kugulitsa K12,000, kenako n'kumayenda monyada kuti wagulitsa kwambiri kuposa onse pamsika. Muphwa wanuyo ngati amapeza 5 ataponya kanayi osataya mpira, iye ndiye ali pa phindu, kungoti geni yake ndi yaing'ono. Sindikunena kuti zili choncho, manambala a mnzakeyo simunatipatse. Kawaoneni.

Poyeza kaponyedwe musagwiritse ntchito peresenti wamba. Woponya ka 10 n'kumwetsa 5 za mapointi awiri ali ndi 50 peresenti ndi mapointi 10. Woponya ka 10 n'kumwetsa 4 za mapointi atatu ali ndi 40 peresenti koma mapointi 12. N'chifukwa chake pali eFG, imene imawerenga ya mapointi atatu ngati basiketi imodzi ndi theka, wachiwiriyo n'kukhala pa 60. Dean Oliver, mmodzi mwa amene anayambitsa mawerengedwe amenewa, anagawa zowinitsa gemu panayi: kaponyedwe 40 peresenti, kusataya mpira 25, maribaundi 20, ma-free throw 15. Onani kuti kusataya mpira kuli pachiwiri, koma palibe kholo limene limaponya pa WhatsApp kuti mwana wanga lero sanataye mpira. Trae Young mu 2017–18 anatsogola dziko lonse pa mapointi, 27.4, ndi pa ma-assist, 8.7, koma ankatayanso mipira yoposa 5 pa gemu, ndipo Oklahoma inamaliza ndi kuwina 18, kuluza 14, n'kutuluka pa gemu yoyamba ya March Madness, mpikisano wa chikho cha makoleji.

Mukapeza plus-minus, ija yonena kuti timu inapambana ndi mapointi angati iye ali m'bwalo, muione koma musaikhulupirire kwambiri. Sizoni ya ku koleji ndi magemu 30 ndi kanthu, ndi ochepa. Komanso woyamba gemu amasewera nthawi zambiri ndi anzake anayi abwino, ndiye nambalayo imamukometsa ngakhale atangoima. Ya gemu imodzi ndiye musaiwerenge n'komwe. Imayamba kulankhula mukasonkhanitsa sizoni yonse, n'kuyerekeza mphindi zimene alimo ndi zimene ali pa benchi. Nthawi zina mtengo wa munthu umaoneka tsiku limene palibe. De'Andre Hunter mu 2018 ankachokera pa benchi ku Virginia, mapointi 9 pa gemu. Anathyoka dzanja mpikisano uli pafupi kuyamba, ndipo Virginia, imene inali italuza magemu awiri okha sizoni yonse, inakwapulidwa 74–54 ndi UMBC, koyamba m'mbiri ya mpikisano wa amuna kuti timu yoikidwa pa nambala 1 igwetsedwe ndi ya pa nambala 16. Sikuti chifukwa chinali chokhacho, koma iye ndi amene ankatha kumaka aliyense, wamfupi ndi wamtali yemwe. Chaka chotsatira ali bwino anatenga chikho.

Chitsanzo chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi fainolo ya 2024. Zach Edey wa Purdue anamwetsa 37, maribaundi 10. Donovan Clingan wa UConn, amene ankamumaka nthawi yambiri, 11 okha. Wowerenga pepala anganene kuti Clingan anachititsidwa manyazi. Koma Dan Hurley, kochi wa UConn, anachita kusankha kuti Edey asamakidwe ndi anthu awiri, ena onse akakamire oponya za kutali. Purdue, imene sizoni yonse inkamwetsa pafupifupi 40 peresenti ya mipira ya mapointi atatu, usiku umenewo inaponya 7 yokha n'kumwetsa umodzi. UConn 75, Purdue 60. Ntchito ya Clingan inali kusenza mapointi 37 amenewo payekha osapempha thandizo, ndipo malipiro ake analembedwa pa mzere wa anthu ena.

Mfana wa pa Ndirande:

Akuluakulu, malume anati tisawanyengerere, koma ndikuona tayamba kale kuwapaka mafuta. Banja lililonse lili ndi mwana amene "amachita zinthu zosaoneka pa pepala". Nthawi zina zimakhala zoona. Nthawi zina sizioneka chifukwa palibe.

A Kochi, za mphindi zija ndikuvomera theka. Kochi amathanso kuseweretsa munthu chifukwa alibe wina. Timu yaing'ono ikhale ndi anyamata awiri okha aatali, mmodzi wavulala bondo, winayo asewera mphindi 31 ngakhale atakhala mtengo wa magetsi. Chaka chamawa akabweretsa watsopano wodziwa kuponya, mphindi zija zimasungunuka. Ku Division II thandizo la fizi la timu yonse ndi lokwana anthu 10 okha, amachita kuligawa zidutswazidutswa, ndiye nkhawa ya mayi ake si yopanda pake ayi.

Ndipo pali chinthu china chosalembedwa pa box score chimene simunachitchule, chifukwa n'chowawa. Munthu amene saopedwa poponya amavulaza timu yake ali chiimire. Womumaka amamusiya n'kukaima pakati, kutsekereza njira ya ena. Anzake anayi amakhala akulimbana ndi anthu asanu, akaphonya pepala limalemba kuti iwo ndi amene aphonya, pamene wolakwa waima pa kona manja ali m'chiuno. Ndiye malume, m'kope lanulo muonjezere tsamba. Mwanayo akaima pa kona opanda mpira, womumaka ali pati? Akutha kumukhudza, kapena ali mamita atatu uko, msana atamulozetsa? Akalandira mpira ali yekha, amaponya kapena amaubweza msanga ngati wamuotcha? Ma-free throw ali pa peresenti yanji? Amenewo sanama, palibe amakumaka, ndipo amasonyeza ngati dzanja lilipo.

Aaron Craft wa Ohio State ndinkamukonda kwambiri. Mipira yolanda 337, palibe anamuposa m'mbiri ya Big Ten pamene ankachoka, kawiri konse wosewera wabwino pa difensi m'ligi imeneyo. Koma kuponya za kutali kunkamuvuta, matimu ankamusiyira mpata dala, ndipo mu 2014 palibe timu ya NBA, ligi yaikulu ya ku America, imene inamusankha. Pambuyo pake anabwerera kusukulu kukaphunzira udokotala, ndiye musamumvere chisoni.

Kuti musati ndimangokonda manambala, nawonso amanamiza. Oscar Tshiebwe wa ku Lubumbashi, maribaundi oposa 15 pa gemu ku Kentucky mu 2021–22, wosewera wabwino wa dziko lonse chaka chimenecho. Koma matimu anaphunzira kumukokera kutali ndi ring'i ndi masikirini, kumene miyendo yake inkachedwa. Pa gemu ya Saint Peter's anamwetsa 30 ndi maribaundi 16, Kentucky n'kuluza 85–79. Mnansi wathu Hasheem Thabeet wa ku Dar es Salaam, mamita 2.21, mabuloko oposa 4 pa gemu ku UConn, anasankhidwa wachiwiri pamene matimu a NBA ankasankha osewera atsopano mu 2009. Koma amene anaonera gemu ya February chaka chomwecho, DeJuan Blair wa Pittsburgh, wamfupi kwa iye ndi masentimita 20, akumutembenuzira pansi kudzera pamsana n'kutuluka ndi mapointi 22 ndi maribaundi 23, anaona chimene mabuloko aja ankabisa.

Mwina muphwa wanuyo ndi Battier wamng'ono. Mwinanso alamu anu aona kanthu koona, kungoti akutchula ndi dzina lolakwika.

Kochi Wopuma, Zomba:

Mphwanga wa ku Ndirande wandigwira pabwino, tsamba limenelo ndinaliiwala. Koma nkhani ya munthu wosiyidwa pa kona simathera pomwepo. Andre Jackson Jr. wa UConn, sizoni ya 2022–23, sankafika ngakhale mapointi 7 pa gemu. Timu inayamba ndi kuwina magemu 14 otsatizana, kenako matimu a mu ligi yawo ya Big East anatulukira zomwe wanenazi: anayamba kumusiya Jackson yekha n'kuunjikana pakati. UConn inaluza magemu 6 mwa 8. Hurley sanamuike pa benchi. Anamusuntha, kumuchotsa kunja kuja kumene ankangoima, kuti azizembera kumbuyo kwa difensi m'mbali mwa mzere wa pansi pa ring'i, azitchinga, azipatsira. Womusiya uja tsopano ankalangidwa ndi dunk kapena pasi. Mu April anatenga chikho, ndipo makochi ake ankanena poyera kuti injini ya timuyo ndi iyeyo.

Ndiye malume mukaona kuti akumusiya, muonenso chimene amachita akasiyidwa. Kuima n'kumadikira ndi mlandu. Kuthamangira ku ring'i, kukatchingira mnzake, kulowerera ribaundi poti palibe womutsekereza, imeneyo ndi nkhani ina. Koma kuponya aphunzire ndithu, pamenepo sinditsutsa. Tchuthi chachitali chija ndi cha ntchito imeneyo.

Mayi a Tadala, Johannesburg:

Abambo inu mwalemba mabuku, koma palibe amene wanena kuti mumufunse mwanayo. Ine basketball ya ku America ndimangoionera apo ndi apo, koma ndinasewera netball zaka zisanu ndi ziwiri pa WD (wing defence, wotchinga). Malamulo enieniwo sankandilola kuponya, ngakhale kulowa m'seko. Bambo anga anabwera kudzaonera kamodzi, pobwerera anandifunsa kuti bwanji sindimwetsa ngati anzanga, kodi aphunzitsi amandida? Ndinalira njira yonse. Chonsecho tsiku limenelo WA (wing attack) wa timu inayo, amene ndinkamumaka, anamutulutsa pa kota yachitatu chifukwa mpira sankauona.

Wosewera aliyense amadziwa ntchito imene kochi anamupatsa, amachita kuuzidwa. Muimbireni, malume, osati pa gulu la banja, inu ndi iye basi. Mumufunse kuti kochi amafuna chiyani kwa iwe, ndipo vidiyo mukamaonera amakudzudzula pa chiyani. Alamu anuwo muwaletse za foni, chonde. Mnyamata wa ku koleji bambo ake akaimbira kochi kudandaula, mawa lake timu yonse yadziwa, ndipo manyazi ake amasenza ndi mwana. Za fizi akafunse yekha kwa kochi sizoni ikatha, maso ndi maso. Ndiponso box score ija achemwali anu asiye kuiponya pa gulu. Mukuganiza kuti iye saona mmene mumakhalira chete?

Malume wa ku Area 25:

Ndabwera ndi kope, a Kochi. Dzulo ndinagula bando yaikulu, ndinagona 8 koloko, alamu ya foni n'kundidzutsa 1:45. Mayi a kunyumba akuti ndapenga.

Kusayang'ana mpira kunandivuta mphindi zisanu zoyamba, kenako ndinayamba kuona gemu ina imene sindinaionepo. Amamakadi woopsa wa timu inayo, kamnyamata kothamanga kovala nambala 3, kamene ndinakaona pa tsamba la sukulu yawo kuti kamamwetsa 18 pa gemu. Dzulo kanamwetsa 10, ndipo 4 mwa amenewo muphwa wanga ali pa benchi. Mizere ya kukhudza mpira ndinalemba 6. Munthu wake sanatole ribaundi ya ku ring'i yathu ngakhale imodzi. Masikirini otsegulira mnzake ndinawerenga 5, mwina anapitirira, chithunzi chinaima kawiri. Manja ndiye sapuma, amaloza ngati wapolisi wa pamsewu.

Koma mfana wa pa Ndirande, iwenso unalasa. Hafu yachiwiri anayamba kumusiya. Katatu konse analandira mpira pa kona ali yekhayekha, womumaka ali kutali moti akanatha kumanga chingwe cha nsapato. Kawiri anaubweza osayang'ana n'komwe ring'i, ndipo ulendo umodzi mnzake anakakamizika kuponya mothamanga nthawi itatha. Kachitatu anaponya, inalowa, benchi yonse inaimirira ngati wachita zodabwitsa, chimene chinandiuza kuti sizichitikachitika. Ma-free throw sizoni ino ali pa 74 peresenti, ndiye dzanja lilipo. Wa Manambala, mnzake wa pa benchi uja dzulo 13, ataponya ka 9, mpira anataya kamodzi. Si wa geni yoluza ayi, amatha mpira, kungoti kumbuyo sabwerera msanga.

Mayi a Tadala, ndinamuimbira masana ano. Poyamba ankangoyankha "eya, malume", "ayi, malume". Nditamuuza kuti ndinawerenga ka 6 kamene anakhudza mpira, anakhala chete, kenako anati a kochi awo anawerenga 7, ndipo amazilemba pa bolodi m'chipinda chosinthira. Tinacheza mphindi 40, munthu amene sindinamumvepo akulankhula ziganizo zitatu zotsatizana. Za pa kona anavomera yekha ndisanamalize funso. Akuti kochi anamuuza kale kuti akabwezanso mpira ali yekha azimutulutsa, ndipo chaka chatha anaphonya zisanu ndi zitatu zotsatizana ndiye mantha anamulowa. Alamu sanalakwe kwenikweni, koma za foni ndawaletsa, ndipo amvera monyinyirika.

Agogo ndawaimbiranso. Ndinawafotokozera bwinobwino za kamnyamata ka nambala 3, kuti kamamwetsa 18 koma mdzukulu wawo anakatsekera pa 10. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Nanga iyeyo wamwetsa zingati?" Ndinati zisanu ndi ziwiri. Anati, "Zakwera."

Gemu ina ili Loweruka, koma imeneyo ndi ya masana kwawoko, kuno ikhala 9 koloko madzulo. Alamu ndawauza agule kope lawo.